Ndalama ya alonda inachedwa masiku 9, alamu inalira popanda wobwera

Abale anga amene muli kunja kuno koma munasiya nyumba kwanu, ndikulemba izi mtima ukuwawabe. Amene anandigwetsa m'mavuto ndi ajenti wotumiza ndalama, koma chinandimaliza ndi pepala la kampani ya zachitetezo limene ndinasaina ndisanaliwerenge bwino.

Nditamaliza kumanga, kampaniyo inaika alamu ndi masensa pazitseko ndi m'mawindo, n'kundilonjeza kuti alamu ikalira amatumiza galimoto ya alonda. Mapepala ananditumizira pafoni, ndinasaina n'kubweza tsiku lomwelo. Malipiro a pamwezi ndinkadutsitsa kwa ajenti wa pamanja, aja mumawapatsa ndalama kuno mnzawo n'kupereka kwathuko. Reti yake inkaposa ya pa app yotumizira ndalama, ndipo kwa miyezi 5 sanandilakwirepo.

Mwezi wotsatirawo ndinamupatsa ndalama nthawi yabwino. Anati ifika mawa. Mawa lakelo akuti mnzake alibe kashi. Tsiku lachitatu foni ikungoitana, mauthenga akuwerenga koma osayankha. Ndalama inafika patatha masiku 9, kufikanso yoperewera, chifukwa anadulapo yotapira imene sanandiuzepo kuti ili pamutu panga. Mng'ono wanga anakapereka zimene analandirazo, osadziwa kuti sizinakwane. Ine kuno ndinali phee, ndikuti zonse zatheka.

Patangopita masiku ochepa alamu inalira usiku. Oyandikana nawo ndi amene anaimbira mng'ono wanga. Galimoto ya alonda sinabwere. Akuba anathyola zenera lakuseri, anatenga batire ya sola ndi mpope wa madzi, n'kuzulanso mawaya. M'mawa nditaimba ku kampani anandiyankha mwaulemu ndithu kuti akaunti yanga inali yoimitsidwa. Anandiwerengera ndime yake: malipiro akachedwa masiku 7, kapena akakhala osakwanira, amasiya kuyang'anira nyumba ndipo sakakamizidwa kundidziwitsa. Inalimodi, pa tsamba lachitatu, pamwamba pa siginecha yanga.

Ndinakwiya, ndinati basi ndisiyane nawo. Apa m'pamene ndinaona zina zonse. Mgwirizano unali wa miyezi 36, ndipo wochoka nthawi isanakwane amalipira miyezi yotsalayo. Zipangizo zimene ndinkayesa zanga zinali zobwereka. Za katundu wobedwa analemba momveka kuti iwo si a inshuwalansi, kotero ngakhale akanabwera mochedwa akaunti ili bwinobwino, sakanandibwezera kanthu.

Ndiye musanasaine, funso loyamba kwa ife otumiza ndalama kuchokera kutali likhale ili: ndalama ikachedwa kapena ikaperewera pang'ono, mumatani? Mumadikira masiku angati, ndipo mumadziwitsa ndani musanaimitse? Auzeni alembe nambala ziwiri, yanu ndi ya m'bale amene ali pafupi ndi nyumbayo. Ngati amalola kulipiriratu miyezi itatu, teroni, kuti ajenti akakuchedwetsani mukhale ndi popumira.

Funsaninso chimene mukulipira kwenikweni. Kuyang'anira alamu ndi kutumiza alonda ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makampani ena alamu ikalira amangokuimbirani foni basi, ndipo foni yoimbira munthu amene ali dziko lina pakati pa usiku siithamangitsa wakuba. Ngati akuti amabwera, zilembedwe. Onani kutalika kwa mgwirizano, ngati umadzionjezera wokha ukatha, ndi masiku amene muyenera kuwachenjeza musanachoke. Onani ngati mtengo umakwera chaka ndi chaka. Zipangizo zikakhala zanu, funsani ngati adzakupatseni nambala yachinsinsi ya woika alamu, chifukwa popanda nambalayo kampani ina imavutika kugwiritsa ntchito bokosi la alamu lomwelo. Musaiwale batire ya alamu: magetsi akathima imakhala maola angati, ndipo ikatha mphamvu amasintha ndani? Makampani enanso amalipiritsa alamu ikalira pachabe, pamene nyumba yopanda munthu mphepo yokha ikhoza kuiliza.

Kwa amene mukuganiza zogula makamera kuno n'kutumiza pa galimoto za katundu, yambani mwafunsa ngati kampani imavomera kulumikiza zipangizo zimene sinagulitse yokha. Jambulani manambala a chipangizo chilichonse musanatseke katoni, ndipo pa risiti palembedwe chimene chili m'katimo ndi mtengo wake, osati "katoni imodzi" chabe.

Pano ndinasamukira ku app yovomerezeka imene imalowetsa ndalama mu akaunti ya kampani mwachindunji. Reti yake ndi yotsikirapo, sindikana, koma ndisanadine imandionetsa ndalama yeniyeni imene ifike, ndipo risiti imabwera ndi nambala imene ndimatumiza ku kampani nthawi yomweyo. Ndimatumiza kutatsala sabata kuti tsiku lolipira lifike. Miyezi yonseyi sinachedwepo, ndipo ya alonda sindidzaidutsitsanso kwina.

Ajenti uja ndinamuuza zonse zimene zinachitika. Anati pepani, ndipo yoperewera ija adzandibwezera. Mpaka lero sanabweze, ndipo ndikumva kuti akulandirabe ndalama za anthu. Ngati wanu amakuuzani reti yokha osatchula amene alipire yotapira, mufunseni lero, ndipo akuyankheni pa uthenga wolemba.