Chikwama chotchinga RFID: ndachipatsa nyenyezi 3 pa 5

Papita miyezi inayi chigulireni chikwama ichi pa shopu ina ku Limbe, pa mtengo wa K18,000. Ndi chikwama cha ndalama ndi makhadi chomwe wogulitsa anati chimatchinga RFID, kutanthauza njira yomwe makina amawerengera khadi ndi mafunde osailowetsa. Chomwe chinandikankha ndi kavidiyo kamene kanazungulira pa WhatsApp, koonetsa munthu akuyandikizitsa kamakina kuthumba la mnzake, ati ndalama zapita. Ine ndimakwera minibasi tsiku lililonse kuchokera ku Chilobwe kupita m'tauni, anayi anayi pampando, ndiye mantha anandigwira ndithu. Khadi yanga yakubanki ndi yatsopanoyi, yokhala ndi kachizindikiro ka timizere tinayi topindika, yongogunditsa pamakina osalowetsa.

Sindinafune kungokhulupirira za wogulitsa. Mphwanga amene akuphunzira ku MUBAS anabwera Loweruka lina ndi foni yake yokhala ndi NFC, yomwe imatha kuwerenga makhadi ogunditsa. Khadi ili pamtunda, anaigunditsa kumsana kwa foni, ndipo pasanathe masekondi awiri nambala yonse ya manambala 16 ija inatulukira, pamodzi ndi mwezi ndi chaka chomwe khadiyo idzathere ntchito. Kunena zoona thupi linachita tsemwe. Kenako tinaiika m'chikwama n'kutseka. Foni ziii. Anatembenuza uku ndi uku, osawerenga kanthu. Ndinakayesanso patilo pa shopu ina ku Ginnery Corner, kugunditsa chikwama chotseka pamakina olipirira, mpaka mtsikana wapatilo anandifunsa kuti, "Bambo, mukufuna kulipira kapena mukuyesa makina athu?" Makinawo sanalire. Apa ndiye chikwamachi chakhoza, sindingachinamizire.

Koma mphwangayo anandiuzanso zinthu zomwe wogulitsa sananene. Kachipangizo ka m'khadimo kalibe batire, kamadzuka ndi mphamvu yochokera kumakina owerengera, ndipo kamagwira ntchito pa mafunde a 13.56 MHz. N'chifukwa chake pamafunika kuyandikizitsa kwambiri, masentimita ochepa chabe, osati munthu ali kutsidya kwa msewu. Manambala atatu akuseri kwa khadi aja sawulutsidwa, PIN nayonso ayi, ndipo malipiro aliwonse amapita ndi nambala yakeyake yosagwiranso ntchito kawiri. Komanso woba ndi makina olipirira amafunika akaunti yamalonda kubanki, yomwe ili ndi dzina lake. Ndiye kavidiyo kaja kanakokomeza. Anandionetsanso kuti kukulunga khadi m'foyilo yokutira nyama ija kumatchinga chimodzimodzi. Apa K18,000 yanga inandiwawa pang'ono.

Chimene chandikhumudwitsa kwenikweni ndi ichi. Kuntchito tili ndi khadi yotsegulira chitseko. Tsiku lina ndinali nditanyamula mafayilo, ulesi wotulutsa khadi, ndinangogunditsa chikwama chonse chotseka. Chitseko chinalira n'kutseguka bwinobwino! Ndinabwereza katatu, katatu konse chinatseguka. Nditafunsa, zinapezeka kuti khadi yathuyi ndi yamtundu wakale wa mafunde a 125 kHz, ndipo kansalu kopyapyala kachitsulo ka m'chikwamamo sikaletsa mafunde amenewo. Chomvetsa chisoni n'chakuti makhadi amtundu umenewu ndi amene ali osavuta kukopera, chifukwa amangotchula nambala yomweyomweyo kwa aliyense wowafunsa, popanda chinsinsi chilichonse. Ndiye khadi yolimba kale ndi yomwe ikutetezedwa, yofookayo ili pambalambanda. Pakabokosi pake analemba kuti chimatchinga RFID basi, osanena kuti yamtundu uti.

China, chikwama sichingakuthandizeni chikabedwa chonse. Anyamata opisa m'matumba pa Wenela kapena mumsika wa Limbe safuna sayansi, amangosolola. Ndipo khadi yogunditsayi imalola kugula tinthu tating'onoting'ono osafunsa PIN mpaka pamlingo womwe banki yanu inaika. Ine ndinapita kukatsitsa mlingo umenewo ndipo ndinaonetsetsa kuti uthenga wa SMS ukubwera pa kwacha iliyonse yotuluka. Nambala yotsekera khadi ndinaisunga pafoni komanso papepala kunyumba. Izi zandipatsa mtendere kuposa chikwamacho. Pajatu anthu amene ndikuwadziwa kuti anaberedwa ndalama, onse anachita kuimbiridwa foni n'kupereka okha nambala yachinsinsi, palibe ndi mmodzi yemwe amene anagunditsidwa makina m'minibasi.

Za kapangidwe: chili ndi malo a makhadi 8, chimalowa bwino m'thumba lakutsogolo. Koma ndalama zathu zamapepalazi zikachuluka, monga ma K2,000 okwana 30, chimakana kupindika. Chikopa chake n'chabodza, chinayamba kusupuka m'makona mwezi wachitatu, ndipo kazipi ka malo a makobili kanaduka kale, ndikutsegula ndi kawaya.

Kwa amene muli ndi makhadi angapo ogunditsa ndipo mukufuna chikwama chatsopano kale, gulani, koma mupite ndi foni ya NFC mukayesere pashopu pomwepo musanalipire. Khadi yakuntchito muitenge nayonso. Yanga pano ndikuisunga m'kachitini kakang'ono ka maswiti, ndipo ndayesa, chitseko sichikutseguka.