Kwa otumiza ndiwo ku Joni: musalipire kawiri thumba la masamba owola

Abale anga a ku Lizulu, Tsangano, Bembeke ndi Mlangeni, nkhaniyi ndi yanu amene mumatumizira ana ndiwo kuno ku Joni, komanso inu amene mukumanga chikwama mukuganiza kuti kuno nkhuku ndi ya tsiku lililonse. Lekani kulota. Munthu akalipira lendi, magetsi ndi thiransipoti, n'kutumizako kenakake kumudzi, yotsalayo imangokwana ufa, nyemba ndi masamba. Amene sadziwa kuphika masamba ndiye amene amayamba kukongola mwezi usanafike pakati.

Ndiyambe ndi anyamata onyamula katundu, chifukwa ndalama zikuthera pamenepo. Kumudzi mumagwirizana, tinene R250 pa thumba, mayi n'kulipira yonse m'makwacha, n'kulonjezedwa kuti masiku atatu lafika. Thumba likafika, wolandira amauzidwa kuti awonjezere R150 "ya pachipata". Akachedwa kubwera, pomwe palibe anamuimbira foni, pali R50 ina "yosungira". Ndiye kuti R450 pa thumba limodzi la kabichi ndi tomato, zinthu zimene zili mbwee m'misika ya kuno! Mukadandaula, yankho ndi lakuti "mukapanda kulipira katundu sakutuluka". Lisiti palibe, sikelo palibe, amangonyamula thumba m'manja n'kutchula mtengo.

Chimene sakuuzani n'chakuti dziko la South Africa lili ndi lamulo loteteza mbewu ku tizilombo ndi matenda, ndipo ndiwo zaziwisi, zipatso, mbatata ya kachewere ndi mbewu zobzala sizilowa popanda chilolezo. Zikapezeka pachipata cha Beitbridge polowa m'dziko lino zimalandidwa, ndipo ndalama yanu sibwerera. Zikadutsa mobisa, kumbukirani njira yake: kuchoka pachipata cha Dedza, kutsikira ku Tete kumene mwezi wa October kumatentha kufika madigiri 40, kenako Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka kuno ku Joni, makilomita oposa 1,500 thumba lili lotsekeredwa m'ngolo. Mpiru wothyoledwa Lolemba umafika Lachisanu uli phala lonunkha, utawonongeratu ndi ufa umene unali pambali pake.

Wokhulupirika alipo, ngakhale ndi mmodzi pa ambiri. Mudzamudziwa motere: ali ndi sikelo yopachika, amatchula mtengo pa kilo, amalemba m'kope dzina la wolandira ndi mawu akuti "zalipiridwa zonse", ndipo amajambula tsambalo n'kulitumiza pa WhatsApp kwa onse awiri. Chachikulu, amakana tomato ndi kachewere pamaso panu, ngakhale mumukwiyire. Amene amavomera chilichonse, muthaweni.

Choyenera kutumiza ndi mfutso, koma wokonzedwa bwino. Uzani wonyamulayo auonetse pachipata, asaubise. Thyolani nkhwani, khwanya kapena chitambe m'mawa mame atauma, masamba anthete okhaokha. Nkhwani muusadzule, mutsuke musanadule. Wiritsani madzi ndi mchere pang'ono, ponyanimo masamba kwa mphindi 2 kapena 3 basi, muwatsanule. Kufutsaku kumasunga mtundu ndi kakomedwe. Mukapitiriza kuwiritsa, zabwino zonse zimatsala m'madzi. Yanikani mopyapyala pathandala, pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu limayeretsa masamba n'kuchepetsa vitamini A, ndipo pansi pamalowa mchenga umene sudzachoka ngakhale mutsuke kangati. Kwathu kumtunda kuja chiperoni chimanyenga: masamba amaoneka ouma kunja koma mkati muli chinyontho. Finyani m'manja, akapanda kufumbutuka, sanaume. Mukawatsekera m'pulasitiki ali choncho, pofika ku Harare achita kale chuku. Makilo 10 a masamba aawisi amatuluka pafupifupi kilo imodzi ya mfutso, ndipo kiloyo imadyedwa milungu ingapo. Apa ndiye ndalama ya pa kilo imakhala ndi nzeru.

Nsinjiro musatumize. Imayamba fungo la mafuta ikatenthedwa panjira, ndipo mtedza wauwisi kuno ulipo. Chiponde cha m'botolo chosathira shuga chimatendera bwinobwino.

Kaphikidwe kake, kwa achinyamata amene anachoka kumudzi asanagwirepo mthiko: mfutso wodzaza manja awiri, muuviike m'madzi ofunda kwa mphindi 20, muuphike m'madzi omwewo mpaka ufewe, mphindi 20 kapena 30. Thirani tomato awiri ndi anyezi mmodzi, kenako masipuni anayi a nsinjiro pamwamba, osatakasa. Vundikirani moto uli wochepa kwa mphindi 10, n'kutakasa pomaliza. Mukatakasa msanga nsinjiro imatsikira pansi n'kupserera, ndiwo zili zosapsa. Soda ndi kansonga ka sipuni kokha. Mukachulutsa, masamba amatelera ngati therere ndipo amawawira pakhosi.

Nyemba ndiye zimadya magetsi. Mbale ya sitovu yaing'ono imakoka pafupifupi yuniti imodzi pa ola, ndipo nyemba zosaviika zimatenga maola awiri kapena kuposa. Ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, phikani kilo yonse nthawi imodzi ngati muli ndi furiji. Mchere, tomato ndi anyezi zibwere nyemba zitafewa, chifukwa asidi wa mu tomato amalimbitsa khungu lake.

Za dimba tsopano. Eni nyumba ambiri polandira dipoziti amati "limani kuseriko, palibe vuto". Repu akangobiriwira, lendi yakwera ndi R100 "ya madzi", kapena akuti malowo akufuna kumangapo chipinda china. Choncho musalime pansi. Bzalani m'zidebe za malita 20, m'matumba kapena m'matayala akale, zoti mutha kunyamula posamuka. Boolani pansi mabowo angapo, sakanizani magawo awiri a dothi ndi gawo limodzi la manyowa owolerana. Aawisi amawotcha mizu. Chidebe chimodzi, mitengo itatu ya repu kapena mpiru, osapitirira. Mbewu gulani kuno m'mapaketi, musaike mwana pamavuto pachipata chifukwa cha njere za m'kathumba ka shuga. Madzi otsukira mpunga ndi masamba ndi okwanira kuthirira, koma a sopo wochapira amawononga dothi la m'chidebe.

Nyengo yake a ku Dedza simudzaidabwa kwambiri, chifukwa Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700. Kusiyana n'kwakuti June ndi July kumagwa chisanu choyera chimene chimapsereza nkhwani, tomato ndi nyemba usiku umodzi. Miyezi imeneyo bzalani repu, mpiru ndi sipinachi wa kuno wa masamba akuluakulu. Nkhwani dikirani September kapena October. Thyolani masamba akunja okha, awiri pa mtengo, kusiya a pakati. Nsabwe za masamba zikagwa, sipuni yaing'ono ya sopo wotsukira mbale m'lita imodzi ya madzi, mupopere madzulo kunsi kwa masamba.

Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha m'malo osalimidwa nthawi ya mvula, ndipo eni dziko nawo amadya, amazitcha morogo. Koma musathyole m'mbali mwa msewu waukulu, m'ngalande za zonyansa, kapena pafupi ndi milu ya mchenga wa migodi yakale ya golide, chifukwa dothi la pamenepo lili ndi poizoni amene kutsuka ndi kuphika sikuchotsa.