Unakkum Enakkum: mwana wa mpondamatiki akagwira khasu

Ngati mumakonda mafilimu a ku India, Unakkum Enakkum, yomwe ena amaidziwa kuti Something Something, musaiphonye. Ndi filimu ya m'Chitamil yomwe idatuluka mu 2006, ndipo adaitsogolera ndi M. Raja, mkulu wake wa Jayam Ravi amene akusewera ngati Santhosh. Nkhaniyi adaitenga ku filimu ya m'Chitelugu ya 2005 yomwe adatsogolera Prabhu Deva, ndipo Trisha adasewera mtsikana yemweyo m'mafilimu onse awiri.

Santhosh wakulira ku London, m'nyumba ya mwanaalirenji. Ntchito saidziwa, chake n'kuseka, kuvina ndi kusereula atsikana. Atabwera ku India ku ukwati wa wachibale wake Lalitha, akumana ndi Kavitha, mnzake wa mkwatibwi, mtsikana wa kumudzi amene adaleredwa ndi mlongo wake Muthupandi. Gawo loyambali ndi la nthabwala ndi nyimbo, ndipo kwa ine latalika. Santhosh amachita phokoso mopitirira, moti nthawi zina ndinkadabwa kuti Kavitha wamuonera pati.

Filimu imayamba kugwira mtima pamene achibale a Santhosh anyoza Kavitha kuti akufuna chuma, mlongo wake ali pompo akumva. Muthupandi atenga mlongo wake n'kubwerera kumudzi. Santhosh awalondola, ndipo Muthupandi samupirikitsa. Amupatsa munda n'kumuuza kuti alime, akakolola zoposa iye atenge mkazi, akalephera abwerere kwawo osadzaonekanso.

Apa ndiye ndidakhala tsonga. Ife a kuchikamwini tikudziwa mmene mkamwini amayesedwera ndi khasu kwa apongozi, ndipo zomwe zikuchitika m'filimuyi n'zomwezo. Mnyamata uja wa nsapato zodula akupala ndowe m'khola la ng'ombe, akuterereka m'matope, anthu a m'mudzi akumuseka. Chomwe ndidakonda n'chakuti sasintha chifukwa cha ulaliki wa munthu. Amasintha pang'onopang'ono, phokoso lija likuchepa pamene thupi likutopa, mpaka ayamba kudera nkhawa mbewu zake kuposa tsitsi lake. Jayam Ravi wasewera bwino kwambiri gawo lachiwirili kuposa loyamba.

Koma wosewera woposa onse m'filimuyi ndi amene akusewera Muthupandi, Prabhu (osati Prabhu Deva uja), mwana wa katswiri wa mafilimu a Chitamil Sivaji Ganesan. Muthupandi sadana ndi Santhosh chifukwa cha nkhanza. Bambo awo adasiya mayi awo, mayiwo n'kumwalira, iye n'kulera mlongo wake kuyambira ali khanda, ndiye akaona munthu wachuma pafupi ndi Kavitha amaona tsoka lomwelo likubwerera. Prabhu amaonetsa zonsezi ndi nkhope, osachulutsa mawu. Akamayang'ana Santhosh ali m'munda, mumaona munthu amene akufuna mnyamatayo alephere koma wayamba kumulemekeza.

Pali zomwe sizidandikhutitse. Aliyense amene adalimapo akudziwa kuti nyengo imodzi siyokwanira kuti mlendo apose mlimi wobadwira m'munda, ngakhale chikondi chikule bwanji. Anthu oipa a m'filimuyi nawonso ndi oipa basi, alibe mbali ina, ndipo ndewu ya kumapeto ikuoneka kuti adangoiikapo poti filimu ya mtunduwu siitha popanda zibakera. Kavitha naye m'gawo lachiwiri amangodikira amuna awiri amupangire chiganizo, pamene Trisha akadatha kuchita zambiri.

Nyimbo za Devi Sri Prasad n'zokoma, zina zovinika, ndipo nthabwala za Santhanam zimamveka ngakhale mukuwerenga mawu a Chingerezi pansi pa kanema. Filimuyi imapitirira maola awiri, choncho ngati mukuonera pa foni konzekerani bandulo yokwanira, ndipo onetsetsani kuti mwapeza yokhala ndi mawu omasulira. Mutha kuonera ndi banja lonse, kungoti ana ang'ono angachite mantha ndi ndewu ya kumapeto ija.