Mawebusaiti a kripto yaulere aja ndawayesa miyezi itatu, imvani

Mnzanga wina wa ku Chilomoni ananditumizira linki pa WhatsApp nati aise lowa apa uzitola Bitcoin yaulere, sulipira kanthu, umangodina batani ola lililonse basi. Nthawi imeneyo maganyu anali atasowa, foni ndili nayo, ndiye ndinati nanga ndiluza chani. Ndinalembetsa pa mawebusaiti anayi, ndadina miyezi itatu yathunthu, ndiye ndikuuzeni mmene zilili ndi ndalama za pa intanetizi, zomwe amati kripto, musanawotche bandulo yanu.

Amawatchula kuti ma faucet, kutanthauza mpopi, ndipo dzinali silikunama ayi. Koma si mpopi uja umatsegula n'kudzaza ndowa pompo, ndi uja wa pa kiyosiki tsiku loti madzi avuta, ukungodontha limodzilimodzi iwe uli pamzere ndi chigubu cha malita 20 dzuwa likuswa mtengo.

Otsatsa zimenezi amakonda kukamba nkhani ya Gavin Andresen, ndipo nkhaniyo ndi yoona. Mu 2010 mkuluyu anatsegula faucet yoyamba ndipo aliyense wofika amapatsidwa ma Bitcoin 5 atangolemba captcha, kamayeso kotsimikiza kuti ndiwe munthu. Asanu enieni, osati tizidutswa. Koma nthawi imeneyo Bitcoin imodzi inali isanakwane ndi dola imodzi yomwe, ndipo iye amagawa kuti anthu aidziwe, sinali geni. Za lerozi ndi geni, ndipo katundu akugulitsidwa pamenepo ndi maso ako ndi nthawi yako.

Tiyeni tichite masamu chifukwa ndi pamene ine ndinadzidzimukira, mochedwa. Bitcoin imodzi imagawika tizidutswa 100 miliyoni, kalikonse amakatchula satoshi. Mu December 2024 Bitcoin inadutsa $100,000, ndiye titenge mtengo umenewo kuti ziphweke: satoshi 10 ndi senti imodzi ya dola. Pa mtengo wa ku banki wa nthawi imeneyo wa pafupifupi K1,750 pa dola, satoshi imodzi sikwana ngakhale K2. Pa webusaiti ina yomwe ndimadina kwambiri amandipatsa satoshi ziwiri kapena zitatu pa ola, koma kuti utape amafuna ufike 30,000. Gawani nokha. Pa ziwiri pa ola ndi maola 15,000, ndiye kuti masiku 625 osagona, osapita kumaliro, magetsi osazima, neti osavuta. Ukamadina maola 12 patsiku ndi zaka zitatu ndi miyezi ingapo kuti upeze ndalama yosakwana K55,000. Nditamuonetsa mnzanga uja anangoti aise pang'onopang'ono ndi mtolo. Eya mtolo, koma wa nkhuni zingati pa zaka zitatu.

Ndipo kudinako si kudina kamodzi n'kuchoka monga amanenera. Uyambe wasankha zithunzi za mabasi ndi maloboti a pamsewu kutsimikiza kuti ndiwe munthu, ukalakwitsa kamodzi ziyambirenso, kenako patseguka tsamba lina la malonda lomwe sunalifune, ulitseke, litsegukenso lina la atsikana kapena la juga, ubwerere upeze nthawi yatha uyambirenso captcha. Palinso ma shortlink, amakuyendetsa masamba atatu anayi lililonse udikire masekondi angapo, kumapeto akupatse satoshi zochepa. Zonsezi zikudya data. Apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife kuno, munthu wa ku Germany ali pa WiFi ya m'nyumba akungotaya nthawi yokha, koma iwe wagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo ndiye mavidiyo a malonda aja akuikhula. Mwini webusaiti amalipidwa ndi otsatsa malonda chifukwa iwe waona, iye n'kukuponyera nyenyeswa. Foni yanga imatentha ngati mbaula, batire pofika masana yatha.

Pomwe pamaoneka ndalama yooneka ndi pa ma survey, amalemba kuti upeza masenti 50 kapena dola. Ndimayankha mafunso mphindi 10, zaka zanga, ntchito yanga, kaya ndili ndi galimoto, kenako akuti pepani simuli m'gulu la anthu omwe tikufuna. Makampaniwo amafuna ogula a ku America ndi ku Ulaya, za munthu wa ku Ndirande alibe nazo ntchito. Ena amati gwiritsa VPN, pulogalamu yokuonetsa ngati uli dziko lina, koma akakugwira amatseka akaunti ndi zonse unatolera.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi kamasewero kaja ka multiply. Uli ndi satoshi 900 zomwe wavutikira milungu, iwo akuika batani lalikulu pambali pomwe kuti chulukitsa kawiri. Ndi juga basi, yofanana ndi kubetcha mpira, ndipo masamu ake anawakonza kuti pakutha pa zonse mwini ndiye awine. Ndinawina kawiri mutu unakula, usiku womwewo zonse zinapita. Ndinazindikira kuti faucet ija ndi nyambo chabe, chomwe akufuna n'choti utope ndi madontho uike ndalama yako yeniyeni.

Nanga mnzanga uja amalimbikiranji? Referral. Aliyense wolowa ndi linki yake, iye amadyapo gawo pa zomwe munthuyo akutolera. Ndiye mukaona munthu pa Facebook kapena TikTok akuonetsa sikirinishoti ya ndalama zambiri n'kumati linki ili mu komenti, dziwani kuti ndalamazo si za kudina, ndi za anthu mazanamazana omwe akumudinira.

Ndisaname, si onse akuba. Webusaiti imodzi mwa zinayi zija imalipiradi, imatumiza tindalama tating'ono ku FaucetPay, kachikwama komwe kamasonkhanitsa madontho ochokera malo osiyanasiyana. Koma kusunga ndalama pa malo oterewa n'kuika mtima m'manja, tizikwama tina totere tinatseka kale: FaucetHub inatseka mu 2019, CoinPot ndi ma faucet ake a Moon inatseka mu 2021, ndipo zikatero amene sanafike pa mlingo wotapira amangosiya momwemo. Ina mwa zanga zija nditayandikira kutapa inandiuza kuti ndiyambe ndaika $10 yotsegulira akaunti. Pamenepo thawani osacheuka. Chimodzimodzi aliyense wofunsa mawu 12 achinsinsi otsegulira waleti yanu, chikwama chanu cha kripto, ameneyo akufuna kukolopa zonse.

Ukazipeza tindalamato, kuzisandutsa makwacha ndi nkhani inanso. Kutumiza Bitcoin kuli ndi fizi ya netiweki yomwe nthawi zina imaposa zomwe watolerazo, ndiye ambiri amasinthira ku Litecoin kapena kripto ina ya fizi yotsika, kenako upeze munthu pa P2P, pomwe anthu amagulitsana kripto okhaokha, akutumizire pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo palibe amene amafuna kuvutika ndi dola imodzi ndi theka. Kumbukiraninso kuti Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti kripto si ndalama yovomerezeka kuno, ndiye zikakuvuta wodandaulira ndi mkazi wako kunyumba.

Chomwe ndapindula, ndadziwa kutsegula waleti, kukopa adiresi osalakwitsa, kuona kuti ndalama yafika, popanda kuika yanga pachiswe. Ngati cholinga chanu ndi chimenecho, sabata imodzi yakwana, musapitirire. Amene mukuphunzira zopanga mapulogalamu, ma faucet a testnet, netiweki yoyeserera, ndi nkhani ina, ndalama zake ndi zoyesera zilibe mtengo ndipo amenewo ndi othandizadi.

Nditaphatikiza zonse za miyezi itatu zinakwana pafupifupi satoshi 4,000, koma zomwazikana malo anayi ndipo zotapika zinali zosakwana theka. Mabandulo omwe ndinagula sindikufuna kuwawerengera, mayi a kunyumba angaone. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka imodzi, ya waleti ija. Mnzanga wa ku Chilomoni dzulo watumizanso linki ina, akuti iyi ndiye yeniyeni aise, imapereka kripto ina yotchedwa Dogecoin mphindi zisanu zilizonse. Ndamuuza kuti ayambe wandibwezera K5,000 yanga ya mwezi watha, mpaka pano ma tiki awiri a buluu okha.