Tracy Chapman: muyambe ndi chimbale cha 1988 kapena New Beginning?

Ambiri mumamudziwa Tracy Chapman, woimba wa ku America, ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri, ndiye mukafuna kumvera chimbale chathunthu mumaima pamphambano. Kuno kuli choyamba cha 1988, chotchedwa ndi dzina lake lomwelo, uko kuli New Beginning cha 1995. Zonse ziwiri ndazimvera mpaka kuziloweza, ndipo sindibisa, mtima wanga uli pa choyambacho.

Cha 1988 chili ndi nyimbo 11, ndipo sichifika ngakhale mphindi 40. David Kershenbaum, yemwe anatsogolera ntchito yojambula, sanafune kudzaza zida zambirimbiri. Gitala, ng'oma pang'ono, kenako mawu a mayiyu, okhuthala ndi onjenjemera pang'ono, ngati akukuimbirani muli naye m'chipinda chimodzi. Pa "Behind the Wall" palibe chida chilichonse. Ndi mawu okhaokha, akusimba za mkazi womenyedwa kuseri kwa khoma, apolisi n'kumabwera mochedwa, akabwera n'komwe. Mukaimvera usiku muli nokha, tulo timathawa. Nayo "Fast Car" ndi nkhani ya mtsikana wofuna kuthawa umphawi, koma umphawiwo n'kumamulondabe.

Mphamvu ya kuimba mopanda zokometsera inaonekera ku Wembley, ku London, mu June 1988, pa konsati yokondwerera zaka 70 za Nelson Mandela, iye akadali m'ndende. Stevie Wonder atalephera kuyamba panthawi yake, Tracy anabwereranso papulatifomu ndi gitala lake lokha, khamu lonse lija n'kukhala chete. Chaka chotsatira anatenga mphotho zitatu za Grammy.

New Beginning ndi china. Chimapitirira ola limodzi, nyimbo zake ndi zazitali, ndipo gulu loimba likumveka bwino lomwe. Mmenemo ndi momwe muli "Give Me One Reason", ya blues yeniyeni, yomwe inafika pa nambala 3 pa Billboard Hot 100 (ndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America), kuposa "Fast Car" yomwe inalekera pa 6. Ngati mukufuna chimbale chomvera mukuyendetsa galimoto kapena mukugwira ntchito, tengani ichi. "The Promise" ndi yokoma kwabasi, zimenezo sindingatsutse. Koma nyimbo zina, makamaka zodandaula za chilengedwe, zimakoka mpaka munthu umayamba kuganiza zina. Uthenga ndi wabwino, kungoti pano akulalikira, pomwe mu 1988 ankasimba za anthu oti ukuwaona m'maso.

Amene mwafika kwa Tracy kudzera kwa Luke Combs, yemwe anaimbanso "Fast Car" mu 2023, musazengereze: pitani ku cha 1988. Ndipo mumvere motsatana kuyambira nyimbo yoyamba, osadumphadumpha, chifukwa "Behind the Wall" imabaya kwambiri ikabwera "Across the Lines" itangotha kumene.