Patha miyezi 10 ndikuphunziranso kuyenda

Sitiroko inandigwira mu Ogasiti chaka chatha, m'mawa ndikumanga zingwe za nsapato kuti ndipite kuntchito ku Kanengo. Dzanja lamanzere linangoti lobodo, mwendo nawo osamva. BP ndinali nayo kuyambira kale, koma mankhwala ndinkamwa ndikakumbukira. Kuchipatala cha Kamuzu Central anati mtsempha watsekeka mbali yakumanja ya ubongo, n'chifukwa chake kunafooka kumanzere.

Ena akhala akundifunsa ngati mafizo (masewera olimbitsa thupi a kuchipatala) oyenda mwamphamvu amathandizadi. Amathandiza, koma si nkhani yofewa. Dokotala wa mafizo anandiuza poyera kuti ubongo umaphunzira msanga m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ndiye nthawiyo si yonyengererana. Sankafuna kuyenda kwa mkwatibwi. Ankafuna ndiyende mpaka thukuta, mtima ukugunda, koma ndikutha kuyankha akandifunsa. Kuchipatala kawiri pamlungu, kunyumba tsiku lililonse, atayamba wandiyeza BP. Muyeso wake unali umodzi: mtunda umene ndingayende m'mphindi 6. Ulendo woyamba ndinakwanitsa mamita 60, nditagwira ndodo ya miyendo inayi, mayi akunyumba ali pambuyo atagwira chitenje chimene anandimanga m'chiuno. Mwezi watha ndinafika mamita 310.

Ndodo ya miyendo inayi ija ndi yabwino pasimenti. Mumisewu yathu ya ku Area 25 imagwedera, mwendo wina pamwala wina m'dzenje, ndipo mvula itayamba inkangotitimira m'matope. Mphira zake zinatha kawiri. Mu Febuluwale ndinaisiya n'kutenga ndodo wamba. Chimene sindingasiye ndi kapulasitiki kovala kumwendo kogwira phazi kuti lisagwe, chifukwa popanda iko chala chimakoka pansi ndipo kamuzu kakang'ono kangakugwetse. Kamafuna nsapato yokulirapo ndi sokosi yaitali. Mu Okutobala kankandiwotcha mpaka kundisupula pachidendene, anachita kukakonza.

Koma za mwendo n'zosavuta kufotokoza. Chimene sindinachiyembekezere chinabwera cha mu Novembala, pamene aliyense ankati ndikupeza bwino. Ndinasiya kutuluka kuchipinda. Alendo akabwera kudzazonda ndinkanamizira tulo, chifukwa "pepani, pepani" uja ankandilasa. Ena ankanong'oneza mayi kuti zimenezi n'zakuntchito, wina wandiponda, tipite kwa asing'anga. Ine ndinkangowerengera ndalama za minibasi ndi kabaza zimene zinkathera pa ine, ana akudikira fizi. Usiku maso gwa, m'mawa osafuna ngakhale phala. Mafizo ndinkapangabe, koma ngati ng'ombe yapangolo.

Tsiku lina mayi anakhala pamphepete pa bedi nati, "Bambo, mwendo wanu ukuyenda, koma inuyo mwakhala pansi." Ndinapsa mtima. Mawa lake anakanena okha kwa dokotala wa mafizo, ine ndili pomwepo, manyazi atandigwira. Dokotalayo sanadabwe n'komwe. Anati mwa anthu atatu amene adwala sitiroko, pafupifupi mmodzi amadwalanso matenda okhumudwa, ndipo mwina chimachititsa ndi kuvulala kwa ubongo komweko, osati kuchepa chikhulupiriro kapena uchamuna. Anatitumiza kwa a zamaganizo. Kumeneko anandipatsa mankhwala otchedwa fluoxetine n'kundichenjeza kuti satenga tsiku limodzi. Zoonadi, panapita milungu ngati 5 ndisanamve kusintha, ndipo masiku oyamba ankandichititsa nseru.

Apa ndiye pali dandaulo langa. Mamita ankandiyeza mwezi uliwonse, koma panapita miyezi 3 popanda wondifunsa ngati ndikugona kapena ngati ndikuufunabe moyo. Akanapanda mayi kulankhula, bwenzi papepala zikuoneka bwino, mwiniwake ndikutha.

Chinanso chimene tinasintha ndi koyenda. Kuzungulira nyumba ka 20 kunkanditopetsa mtima kuposa mwendo. Mwana wanga wamkulu anati, "Adadi, bwanji tizipita kubawo?" Pali mtengo wa mango pafupi ndi kagolosale, pamene anzanga amasewera madzulo. Poyamba ulendowo unkanditengera mphindi 25, ndikupuma kawiri pakhonde la eni. Kumeneko palibe wondimvera chisoni. Ndikachedwa kusuntha nkhomo ndi dzanja limodzi amandikalipira ngati wina aliyense, ndipo ndikadyedwa amaseka mpaka misozi. Sindingathe kulekanitsa kuti apa anathandiza ndi mankhwala, apa ndi kuyenda, apa ndi bawo. Ndikadumphitsa kuyenda masiku atatu ndimamva mtima ukulemeranso.

Dzanja silinabwerere bwino. Kapu ndimagwira, mabatani a malaya ayi, ndipo kuzizira kwa Juni kuno kukuliumitsa m'mawa ngati chikuni. Kutopa nakonso sikunathe. Ndikayenda kwambiri m'mawa, masana ndimagona. Kuntchito sindinabwerere. Mankhwala a BP tsopano amakhala pafupi ndi shuga wa tiyi kuti ndisaiwale.

Loweruka likubwerali ndikufuna ndikafike kumsika wa Nsungwi wapansi ndekha, ndikagule bonya. Mayi avomera, koma akuti foni ikhale m'thumba lakumanja.