Heat pump ya madzi osamba, miyezi 8 tili nayo

Giza yathu yakale inali kudya mayuniti ngati ili na njala ya chaka chonse, ndiye amuna anga anati tiyese heat pump, tinagula pa shopu ina ku Kamwala mu Lusaka. Kunena zoona mtengo unatiwawa maningi, giza wamba ungagule ziwiri kapena kuposa.

Kagwiridwe kake ni ngati fuliji koma mobwerera, fani imakoka mphepo ya panja, gasi mkati imatenga kutentha kwa mphepoyo, kompresa nkuipanikiza mpaka itenthe kwambiri, basi kutentha konse kumalowa mu thanki. Yuniti imodzi ya malaiti imakupatsa kutentha kwa mayuniti pafupifupi 3. Ine ninali kuganiza ni zinthu zatsopano, kansi maiko akhala akufufuza pamodzi kuyambira 1978 pansi pa International Energy Agency, bungwe la maiko loona za malaiti na mafuta, likulu lao la nkhani za makinawa lili ku Sweden komwe amatenthetsera nawo mkati mwa nyumba. Ife kuno ni madzi osamba chabe.

Mayuniti manje akukhalitsa, apo sinidandaula. Koma mu June na July m'mawa kukazizira imachedwa kutenthetsa, ana amayamba kugogoda pa bafa. Fani nayo imalira, anaiika pafupi na windo ya kuchipinda, mlungu woyamba sininagone bwino mpaka anyamata a pa shopu anabwera kuisuntha, atatilonjeza katatu konse. Ndipo malaiti akapita nayo yapita, thanki imasunga madzi otentha mpaka madzulo, kupitirira apo tabwerera pa mbaula na poto.